Khuzumule wa M'filiji

Lyton anali atabereka mwana kumbuyo, manja ali m'thovu la sopo, akutsuka mbale uku akuimba mluzu. Mayi ake, a Dailesi, anali pampando wa m'khitchini atafunda tchale, maso ali pa iye. Uyutu ndi mwana yemwe kwawo ku Ntcheu sankadziwa n'komwe pokhala chipande, lero akukwecha mapoto ngati anabadwira m'lesitilanti.

"Kodi amake Nthanda adwala?" anafunsa.

"Ayi amayi, agona, angoweruka kumene kuchipatala. Kuno wapeza mbale ndiye watsuka."

A Dailesi anangoti "Ooo," koma "ooo" wake anali wautali. Iwo anabwera ku Hull, ku Mangalande, kudzalera mdzukulu wawo Nthanda, mpongozi wawo Diana atabwerera kuntchito yake yaunamwino. Diana ankamukonda, zimenezo sakanakana. Anali mwana waulemu, wogwada popereka madzi ngakhale pakapeti. Koma mwamuna wongoti "chabwino Diana" pa chilichonse, mayi wake angagone tulo?

Tsiku lina akufuna majarini m'filiji, anapeza kajumbo kapulasitiki katabisidwa kuseri kwa mabotolo, komanga bwino ndi ulusi. M'kati munali mchenga wonyowa ndi tinthu totuwa tosadziwika bwino. Mchenga m'filiji! Anakabwezera pomwepo n'kuyamba kuzonda. Posakhalitsa anamuona Diana akukatulutsa, akudonthezamo madzi, akukamwetulira. Atangomva mapazi a Lyton pamasitepe, anakabisa msangamsanga.

Mtima wa a Dailesi unangoti phaa! Zonse zinalumikizana: mbale, mluzu, mbereko. Ameneyu anali khuzumule basi, mankhwala aja akazi ena amadyetsa amuna kuti akhale ngati nkhosa. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti wochita zimenezi anali mwana yemwe iwo ankamutamanda kumpingo konse. Anaganiza zoimbira foni ankhoswe kumudzi, koma anati ayambe apulumutsa mwana wawo, milandu ibwere pambuyo.

Onse atapita kuntchito, anakatola kajumboko ndi supuni, osati ndi manja, n'kutuluka nako kuseri. Munali mu Febuluwale, mphepo yake yolasa m'mafupa. Pakona ya mpanda panali malo pomwe amisiri anasiya timiyala ndi zibenthu za njerwa, pomwe ngakhale udzu unkakana kumera. Anang'amba kajumboko, n'kumwaza zonse pamenepo, n'kupemphera mwamphamvu. Pobwerera m'nyumba anasamba m'manja ndi mchere.

Madzulo ake Lyton anabwera kuchokera kuntchito yake yonyamula katundu, anadya, n'kutsuka mbale. A Dailesi anadzitonthoza kuti mankhwala olowerera satuluka tsiku limodzi.

Loweruka m'mawa anapeza Diana atagwada patsogolo pa filiji, zinthu zonse zili mbwee pansi.

"Lyton, kajumbo kanali kuseri kwa mabotoloka, wataya ndiwe?"

"Kajumbo kanji? Ine sindinakaonepo."

"Kanali ndi mchenga. Chonde kumbukira bwino." Diana anapitiriza kufufuza m'filijimo.

A Dailesi anakonza tchale chawo n'kuima chilili. "Musamuvutitse mwanayo. Ndataya ndine. Amake Nthanda, ine ndimakukondani, koma mwana wanga sindinamuberekere khuzumule."

Lyton anaphulika ndi phwete, mpaka kugwira pamimba, mpaka Nthanda anadzuka n'kuyamba kulira. "Khuzumule! Amayi, ndiye kuti mbale zija mumaziwerengera mankhwala?"

Koma Diana sanaseke. Misozi inali italengeza. Anatenga foni yake, n'kufufuzamo, n'kuipereka kwa apongozi akewo ndi manja awiri.

Pachithunzipo panali malemu amuna a a Dailesi, a Thompson, atanjuta pakati pa maluwa, akuseka mano onse pamtunda. Kumutu kunali chipewa chawo chamlaza chija, chakugwa m'mphepete, chomwe a Dailesi analimbana nacho zaka zambiri kuti chitayidwe koma osatheka. Maluwawo anali a mapesi aatali oonda. Pakati pa duwa lililonse panali kamutu kotalika ngati chala chachikulu, ndipo timasamba take tachikasu, tina tofiirira, tinkalendewera pansi mozungulira. Aliyense akanaona kuti duwalo lavala chipewa chakutha.

"Abambo atabwera kudzationa ulendo uja inu munatsala, tinapita nawo kwa Chabala, mnzanga wa ku Zambia timagwira naye ntchito uja," anatero Diana. "Atangoona maluwawa anati, 'Taonani abale anga, onse andibera fasho.' Anakhala pamenepo mpaka tiyi anazizira. Chaka chatha Chabala posamukira ku Manchester anandipululira mbewu zomaliza. Zija munataya zija zinali mbewu, amayi."

"Mbewu m'filiji?" Mawu a a Dailesi anatuluka aang'ono.

"Duwali si la kuno. Azungu amati prairie coneflower. Kwawo ndi ku America, m'zigwa zazikulu za udzu, kouma, koma kozizira koopsa nyengo yachisanu. Mbewu yake imagona, ndipo imadzuka bwino ikayamba yamva kuzizira ili pachinyezi. Ndiye timainamiza ndi filiji. Ndimafuna zimere inu mukadali kuno, ndikuonetseni nonse awiri. N'chifukwa chake ndimamubisira uyu, pakamwa pake sipasunga kanthu."

Lyton anali atasiya kuseka. Anayang'ana chithunzi cha bambo ake n'kufunsa chapansipansi ngati sangagule zina.

"Zogula zilipo," anayankha Diana. "Koma izi zinali za maluwa omwe abambo anawagwira ndi manja awo."

A Dailesi anakhala pansi. Manyazi anawagwira, chisoni n'kubwera pamwamba pake. Chipewa chija mpaka lero chinali pamsomali kuchipinda kwawo ku Ntcheu, ndipo iwo amene ankachinyoza ndi amene tsopano ankachipukuta fumbi.

"Safunsa anadya phula," anatero. "Ine ndadya phula ndi njuchi zomwe. Mundikhululukire, mwana wanga."

Sanadikire yankho. Anatenga sefa ya ufa n'kutuluka, ena aja akuwalondola. Anagwada pakona paja n'kuyamba kusefa timiyala, koma mvula inali itagwapo kale, mbewu zitalowa m'ming'alu. Ataona kuti sizitheka, ulimi unawadzukira.

"Lyton, kagule manyowa. Tithirepo dothi labwino, ndizithirira m'mawa ndi madzulo."

"Ayi amayi, mukatero mwazipha," anatero Diana, ndipo kwa nthawi yoyamba anamwetulira. "Duwali limadana ndi madzi oima. Limakonda pouma, padzuwa, dothi losauka ngati lomweli. Muzu wake umapita pansi kukadzifunira wokha madzi."

"Ndiye ndi apongozi anu enieni amenewo. Ukawasamala kwambiri ankakwiya." A Dailesi anapukuta m'maso ndi nsonga ya tchale. "Nanga limadyedwa?"

"Amati eni dziko akumeneko ankawiritsa masamba ake n'kumamwa ngati tiyi. Njuchi ndi agulugufe zimalikonda, likauma mbalame zimadya mbewu zake."

"Ndiye zimera pamenepa?"

"Kaya. Kuzizira kulipo, koma mvula ya ku Hull mukuidziwa. Tidikire."

Anadikiradi. M'mawa uliwonse a Dailesi ankatuluka ndi Nthanda kumbuyo kukazonda pakona paja. Mvula ikanyanya ankakumba kangalande ndi supuni yomwe ija kuti madzi asaime. Njiwa zikatera ankazithamangitsa ndi mawu omwe mayi wamvano sayenera kuwadziwa. Lyton ankawaseka kuti apeza ntchito yaulonda ku Mangalande, iwo n'kumuyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Foni ya kwa ankhoswe ija sinaimbidwe.

Masiku awo obwerera kumudzi atayandikira, dzuwa litayamba kufunda, a Dailesi anakuwa kuseri ngati aona njoka. Diana anatuluka chothamanga, yunifolomu ili m'thupi. Pakati pa timiyala panali timbande tochepa, mwina tongokwana m'dzanja limodzi, masamba ake aubweya atayamba kugawikana.

"Ndikanapanda kudziwa ndikanati chisoso, n'kuthyola ndiwo," anatero a Dailesi.

"Ndi tomweto, amayi! Koma maluwa mwina mpaka chaka chamawa. Inu mudzakhala mutapita."

"Mlendo ndi mame, mwana wanga. Koma awa ndikukusiyirani, si alendonso ayi. Akadzavala zipewa mudzanditumizire chithunzi, ndikachipachike pamsomali pomwe pali chipewa chija."

Diana anagwada pambali pawo, mapewa awo n'kugundana. Lyton anatulukira pakhomo, thaulo la mbale lili paphewa, akuti nayenso aone.

"Iwe, wamaliza mbale?" anafunsa mayi ake osacheuka.

"Aa, amayi! Si paja khuzumule munataya?"

"Ndinatayadi," anatero a Dailesi, dzanja lawo lili pamsana pa Diana. "Koma wagwira ine wotaya. Pita ukatsuke, ife tili ndi abambo ako kuno."