Kawotchi ka M'galimoto ya Atelala

Kodi n'chiyani chingachititse wotchi kuyenda bwino masiku ambiri, tsiku lina n'kutsalira, mawa lake n'kuyendanso ngati sinalakwe kanthu? Atelala analimbana ndi funso limeneli mpaka mutu kuwawa.

Galimoto yawo inali yakale, ya zitseko zolira ngati zikudandaula. Anaigula tsitsi lawo lisanayambe imvi, ndipo mipando yake anaikuta okha ndi nsalu zotsala posoka masuti. Pakati pa dashibodi panali kawotchi ka mivi. Atelala sankavala wotchi ya pamkono chifukwa inkakola ulusi akamasoka, choncho akakhala pa chiwongolero ankadalira kameneka.

Tsiku lina kanawanamiza. Ankaperekeza akazi awo kuchipatala kukayezetsa shuga, ndipo poona kuti nthawi ilipo yambiri, anayamba adutsira kusitolo kukasankha mabatani. Pofika kuchipatala anapeza adokotala atamaliza kale kuona odwala.

Mwana wawo wamkazi atamva, anaimba foni.

"Ababa, lero ndi wotchi, mawa ndi nyali, mkuja idzakuzimirani pakati pa msewu muli ndi amayi. Mawaya ake atha. Igulitseni."

Akazi awo, amene ankamvera nawo foniyo, anavomereza ndi mutu. Atelala anapempha chinthu chimodzi chokha: ayambe aionetsa kwa mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, yemwe ankakonza zamagetsi a galimoto. Iye akanena kuti mawaya athadi, aigulitsa.

Galaja ya mlamuyo inali kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Munkanunkha asidi wa batire, ndipo pakhoma panapachikidwa mawaya amitundumitundu ngati zingwe zoyanikira zovala.

"Alamu, mwabwera ndi agogo aja," anatero mlamu akupukuta m'manja. "Lero akudwala chiyani, nyamakazi?"

"Agogo amenewa ndi amene anakunyamulani pa ukwati wanu. Apatseni ulemu."

Mlamu anayamba ndi fyuzi. Anaizula, naiyang'ana poyera: inali yabwinobwino. Anatsegula boneti, napeza mitu ya batire itachita zoyerayera ngati ufa. Anaipala, naimanga mwamphamvu, n'kunena kuti matenda atha. Patapita sabata, kawotchi kanatsaliranso.

Ulendo wachiwiri mlamu anachotsa kawotchiko m'malo mwake n'kukalumikiza ku batire la pa tebulo. Kanayenda usana ndi usiku osaphonya. Anakabwezera, nagwedeza mawaya onse amene dzanja lake linafikira, nayendetsa galimoto mumsewu wa maenje. Muvi wa masekondi unkangodumpha mosangalala.

"Wodwala wanu akafika kuno amachira," anatero mlamu akukanda m'mutu. "Koma ndikuuzeni zoona, alamu. Vuto lobisala chonchi limakhala mkati mwa mtolo wa mawaya. Likakhala mmenemo, mwana wanu akunena zoona."

Atelala anakhala pa tayala lakutha, nayang'ana galimoto yawo.

"Tandiuzani," anapitiriza mlamu, "kamatsalira masiku ati? Kukagwa mvula? Mukayenda ulendo wautali?"

Atelala anaganiza. Panali tsiku lakuchipatala lija. Panali tsiku lokaona mdzukulu, ndi lina lopita kumsika waukulu. Masiku opita okha kushopu yawo kankayenda bwino.

"Ndikakhala ndi achemwali anu."

Mlamu anaseka mpaka kugwira khoma.

"Ndiye mwabweretsa wodwala wolakwika. Achemwali aja tili ana ankati akalowa m'nyumba, ngakhale wailesi inkakhala chete. Mubwere nawo mawa."

Mawa lake mayi aja anabwera pa minibasi kuchokera kumsika, nkhope ili gwa.

"Ndiye mwagwirizana anthu awiri akuluakulu kuti ine ndikulodza wotchi?"

"Ayi, achemwali. Ingokwerani monga mumachitira masiku onse. Ife tingoonerera."

"Onererani. Mwina muphunzirapo kukwera galimoto."

Anatsegula chitseko, nakung'untha fumbi pampando, n'kukhala. Chikwama anachiika pamiyendo. Kenako anatsegula kabokosi kakutsogolo kwa mpando wawo, nalongedzamo mpango, magalasi, botolo la madzi ndi ambulera yopinda. Chitseko cha kabokosiko chinakana kutsekeka, ndipo iwo anachikankha ndi bondo mpaka chinati khethe.

Atelala anali atatsamira pa windo la mbali ya dalaivala, maso ali pa kawotchi. Muvi wa masekondi unanjenjemera, n'kuima.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "taonani."

Mlamu anatsegula kabokosi, muvi unayamba kuyenda. Anatseka, unaima. Anatulutsa katundu mmodzimmodzi, akutseka ndi kutsegula, mpaka anapeza wolakwa. Kenako anagona chagada pansi pa dashibodi ndi tochi kukamwa, namanga pulagi ina ndi tepi, n'kutuluka akukung'untha malaya.

"Mawaya a agogowa ndi abwino kuposa mitsempha yanga," anatero. "Asagulitsidwe."

Mayi aja anayesa kusunga nkhope yaukali, koma phwete linawapulumuka.

"Bambo, mumuimbire nokha mwana wanu. Ine sindinena kanthu."

"Ndimuuza kuti galimoto ilibe mlandu. Zinazo ndi za m'banja."

Pobwerera kunyumba Atelala ankayendetsa pang'onopang'ono, akuimba kanyimbo ka m'mphuno. Akazi awo anali atagwirizira katundu wawo yense pamiyendo, ndipo kawotchi kankayenda.

Kumbuyo kwa kabokosi kaja kunali kothyoka kuyambira kalekale. Nsonga ya ambulera ya mayi aja inkatulukira pa bowolo n'kukankha pulagi ya kawotchi, ndipo kawotchiko kankaima mpaka iwo atatsika ndi ambulera yawo.