Magret Afuna Nyanja Yamchere

Magret Sitima anali atayenda maulendo ambiri pa moyo wake, koma uliwonse unali ndi chifukwa chake. Ku Mangochi anapitako kukaika maliro a mlamu wake. Ku Blantyre anakagona pakhonde la chipatala podwazika Linda, mwana wake woyamba. Ku Lusaka anayenera kupita ndi amayi akutchalitchi, pasipoti mpaka anadula, koma ulendowo unafera m'mazira. N'chifukwa chake tsiku limene amuna ake, a Goodman, anafika pakhomo pawo ku Migowi ndi galimoto yotuwa ya mtundu wa Sienta n'kumufunsa kumene akufuna kuti amutengere, iye anayamba waganiza kaye ngati kuli wachibale amene akudwala.

A Goodman anali atangopuma kumene pa ntchito yoyendetsa galimoto ku ofesi ya zaulimi. Zaka zonsezo ankanyamula alangizi ndi matumba a mbewu, ndipo tsopano anati akufuna kunyamula mkazi wawo. Anabwereza funso lija atatsamira chitseko cha galimoto ngati mnyamata wodzafunsira mbeta.

"Kunyanja yamchere," anatero Magret, kenako anadzigwira pakamwa.

Sanadziwe kumene mawuwo anachokera. Nyanja imene ankaidziwa inali ya Chilwa, kumene ankapikula matemba ana akadali pasukulu. Koma a Goodman sanamuseke. Anati nyanjayo sili kutali monga anthu amaganizira: ukangodutsa pachipata cha Muloza n'kulowa Mozambiki, msewu umakutsetseretsa mpaka ku Quelimane, ndipo wolawirira amafika dzuwa likadalipo. Nandolo anali atakolola kale, mvula inali ikadali kutali. Chowaletsa panalibe.

Kuyambira pamenepo mutu wa Magret unasiya kugwira. Anapsereza nyemba. Ku kwaya anaseka yekha pakati pa nyimbo yachisoni mpaka anzake anamuyang'ana. Tsiku lina anasungunula mchere m'kapu ya madzi n'kulawa, ati kuti lilime lizolowereretu.

Eneless, mchemwali wa a Goodman amene ankagulitsa zitenje mumsika wa Migowi, atamva nkhaniyi sanadikire kuitanidwa. Anati n'kulakwa kuti mipando yakumbuyo iyende yopanda munthu. Choncho madzulo aliwonse dzuwa likapendeka atatuwa ankakhala pakhonde, a Goodman akujambula msewu padothi ndi kamtengo, nkhuku zikufufuta Mozambiki yense iwo akangotembenuka.

Mkangano unayambira pakhomo pomwe. A Goodman ankafuna kudulira ku Chiringa, kuseri kwa phiri, poti n'kwachidule. Magret anakana. Anati iye akufuna wa tala, wozungulira ku Chitakale, kuti minda ya tiyi ija aione bwinobwino atakhala mpando wakutsogolo, osati mosuzumira pansi pa mkhwapa wa kondakitala. Anapambana. Kenako a Goodman anaika kamwala pa Mocuba n'kunena kuti pamenepo pali mnzawo Phillip, makaniko amene anawapulumutsa kalekale lole itawafera, ndipo sangadutse osamupatsa moni. Eneless anaikanso kake pa Milange, pashopu ya mayi wina womupatsa zitenje. Timiyala tinachuluka, ndipo nyanja, imene a Goodman anaijambula pafupi ndi mtondo, inkaoneka ngati ikusunthira kutali.

Pa foni ya Magret panali zithunzi zimene Linda anatumiza kuchokera ku Blantyre: mlatho wautali wa pamtsinje wa Licungo, milu ya zinanazi m'mbali mwa msewu ku Nicoadala, tchalitchi chakalekale chakhala m'mphepete mwa mtsinje ku Quelimane, ndi msewu wodutsa m'nkhalango ya mitengo ya kokonati wopita kugombe la Zalala. Anaziyang'ana, anayang'ananso timiyala tija, kenako anagwada n'kuyamba kutola kamodzikamodzi.

"Kulikonse kumene kuli munthu wotidziwa," anatero, "tikangoimba hutala n'kudutsa."

A Goodman anaseka mpaka kutsokomola, koma anavomera. Panatsala mlatho, zinanazi, tchalitchi chija, nkhuku yowotcha ndi kokonati imene Linda anailumbirira, ndi nyanja.

Tsiku la msika Magret anazemba n'kukagula pakaunjika kabudula wakuda wothina wofika m'mawondo, wolowera m'madzi. Anauza wogulitsa kuti ndi wa mdzukulu. Masana, poganiza kuti ali yekha, anamuvala n'kuyamba kuyeserera pagalasi mmene adzathamangire mafunde akadzabwera. A Goodman anamupeza mwendo umodzi uli m'mwamba. Analowa, anatsegula wadirobu n'kutulutsa kabudula wawo wamaluwa ofiira amene anamubisa m'thumba la jekete. Phokoso limene linamveka m'nyumbamo linachititsa kuti mayi wa nyumba yoyandikana abwere kudzafunsa ngati kwagwanji.

Chimene sanachiganizire chinali pakamwa pa Eneless. Atapita kokaoda ku Milange anauza aliyense amene anali ndi makutu, ndipo nkhani inafika kwa Goliati, msuweni wa Magret, poti kuchimake kwa Magret kunali kutsidya komweko. Goliati anaimba foni ali wosangalala kwambiri. Anati Mulungu ndi wabwino, abwera panthawi yake: pali nkhani ya malire a munda imene ikudikira munthu wamkulu, palinso za chiliza cha agogo, ndipo mbuzi aimangirira kale. Akhale masiku angapo, galimotoyo ithandizenso kututa simenti.

Magret anangoti wamva. Foni itaduka anakhala pa mpando manja ali m'masaya. A Goodman anayesa kumutonthoza kuti chibale ndi fupa, nyanja sithawa, adzapita chaka china. Koma Magret anali asanakanepo m'bale chibadwire, ndipo ankadziwa bwino mmene chaka china chimathera. Masiku otsatira nyemba zinapsa bwinobwino, ndipo a Goodman anasiya kujambula padothi.

M'mawa wina akusesa pakhomo anafika pamalo pamene panali nyanja paja. Anaimika tsache, anapukuta manja pachitenje, n'kuimbira Goliati a Goodman akumva.

"Asuweni, za munda ndi za chiliza tidzabwera mwezi wamawa pa minibasi. Ulendo uno tikupita kukasewera m'madzi."



"Kukasewera?" anafunsa Goliati.

"Ee, kukasewera. Ine ndi bambo a Linda."

Kenako pafonipo, kumbuyo kwa Goliati, kunamveka mawu a nkhalamba ikufunsa m'Chilomwe kuti akuti chiyani, ndipo foni inalandidwa. Anali azakhali a Magret, a Makina, mayi ake a Goliati, amene ana onse a m'banjamo anakula akuwaopa. Magret anapezeka wagwada pafumbi foni ili kukhutu, akudikira kukalipiridwa.

Azakhali anangofunsa ngati m'galimotomo mwatsala malo. Anati iwo anabadwira m'dziko lomwelo, nkhondo inawathamangitsira ku Chiringa, anabwereranso, koma nyanjayo amangoimva ngati nthano. Munda udikire, wakhala ukudikira kuyambira kale.

Lamulo la hutala linathyoledwa pamenepo pokha. Tsiku la ulendo anawapeza azakhali ataima kale pamsewu ku Milange, atavala duku latsopano, m'manja muli kathumba ka makaka, chinangwa chouma. Goliati anabayibitsa galimoto nkhope ili yodabwa, mbuzi ikulira kumbuyo kwake. Pa mlatho wa Licungo anatsika n'kujambulana. Ku Nicoadala anadya zinanazi mpaka milomo kuyabwa. Anagona ku Quelimane, mzinda umene njinga za kabaza zinachuluka kuposa ku Migowi tsiku la msika, ndipo nkhuku ija azakhali anaitafuna ndi mafupa omwe.

M'mawa mwake mitengo ya kokonati itatha, msewu unathera pamchenga. Magret anatsika n'kuima. Madzi anali atabwerera kutali, ndipo pakati pa iye ndi iwo panali bwalo lalikulu lonyowa lonyezimira. Kutsogolo kunalibe phiri, kunalibe tsidya. Anamasula chitenje, anachipatsira amuna ake, n'kuyamba kuthamanga.

A Goodman anavula nsapato zawo zopolisha n'kuziika bwinobwino pamchenga wouma. Msodzi wina wodutsa analoza nsapatozo n'kulankhula zambiri m'Chipwitikizi. Eneless, amene Chipwitikizi chake chinali cha kumsika, anamasulira kuti munthuyo akufuna kuzigula. A Goodman anapukusa mutu monyadira, msodziyo anakweza mapewa n'kumapita.

Funde loyamba linamugwetsa Magret chagada. Anadzuka akulavula, maso akuwawa, akuseka osatha kupuma. Azakhali analowa mpaka m'mawondo atagwira dzanja la Eneless, akutukwana funde lililonse lowakankha, koma atauzidwa kuti atuluke anakana. A Goodman ndi kabudula wawo wamaluwa anayesa kuonetsa mkazi wawo kusambira, nyanja n'kuwabweza kumtunda ngati thumba la chimanga.

Palibe amene anazindikira kuti madzi akukwera. Pamene ankatuluka, njala itawagwira, mchenga wouma uja kunalibe. Nsapato imodzi anaipeza itakodwa pamuzu wa mtengo, yodzaza mchenga. Inzakeyo anaiona patali ikuyandama, ikulowera kumene kunalibe tsidya kuja.

A Goodman anaiyang'ana mpaka inabisika. Kenako anavala yotsalayo, analowa m'galimoto, n'kuponda mafuta ndi phazi lopanda kanthu. Kumbuyo azakhali anayambitsa nyimbo ya Chilomwe, Eneless anapolokoza, ndipo Magret, tsitsi lili mchenga wokhawokha, anatsitsa galasi n'kufunsa amuna ake ngati pali chowaletsa kugonanso usiku wina.