Galimoto Yochedwa Kukhota

Galimoto yofiira ya m'gemu ya pa tivi inakagunda khoma pokhota poyamba penipeni, kachisanu ndi chiwiri m'mawa umenewo, ndipo a Mabuleki anaika padi yoyendetsera galimotoyo pansi. Sanaiponye ayi. Anaiika bwinobwino patebulo ndi dzanja lamanzere, monga munthu amabwezera makiyi kwa bwana tsiku losiya ntchito.

"Basi, mayi," anatero. "Dzanja ili linapita. Tisamadzinamize."

Akazi awo, amene msewu wonse unkangowatchula kuti Atelala, anali pamakina osokera pafupi ndi zenera, akupinda mpendero wa yunifolomu ya namwino. Anaimitsa phazi. Sanali munthu woyankha mawu akadali otentha.

A Mabuleki anayendetsa basi zaka makumi atatu osapondapo ngakhale nkhuku. Dzinalo anawapatsa ndi makondakitala, poti ankaponda buleki munthu asanaganize n'komwe zowoloka msewu. Miyezi isanu yapitayo sitiroko inawagwira, n'kuwasiyira dzanja lamanja lolemera ngati lobwereka. Mayi wa mafizo kuchipatala anati zala zimadzuka ndi ntchito, ndipo masewera othamangitsa galimoto angathandize kuposa kufinya kampira tsiku lonse. Mwana wawo wachisamba, wogwira ntchito ku ofesi ya inshuwalansi, atamva zimenezi anabwera ndi kabokosi ka magemu kogula kwa mnzake, padi yoseweretsera, ndi tivi yaikulu moti kuti ikwane pabalaza anachita kutulutsa kabati ya mbale. Anthu oyandikana nawo anabwera kudzaiona. Ena anafika poigwiragwira.

"Kuchipatala mumamaliza mpikisano wonse," anatero Atelala pamapeto pake. "Ndimakhalapo, ndimaona."

"Kuja amandimvera chisoni. Mtsikana uja amafewetsa masewerawo kuti nkhalamba isalire pagulu. Zoona zake zili kuno. Ku mafizo sindipitanso, tisamawonongere mwana petulo."

Atatero anadzuka, dzanja lija atalikumbatira pachifuwa, n'kukagona.

Atelala ankawadziwa amuna awo. Akati sapita, ndiye kuti sapitadi, ndipo zala zimene zinayamba kugwira supuni zikanabwerera kukhala nkhonya. Anamaliza mpendero uja, anadula ulusi ndi mano, kenaka anakakhala pamalo pamene panali amuna awo n'kutenga padi. Sanaigwirepo chiigulireni. Anakankha kandodo kake kumanzere. Galimoto inakhota, koma inayamba yaganiza. Anakankha kumanja. Chimodzimodzi. Kuchedwa kwake kunali kochepa, kosakwana kuphethira kwa diso, koma kunalipo.

Iwo anakhala pamakina kuyambira ali mtsikana. Phazi likaponda, singano imayenera kutsika pomwepo. Lamba akamasuka, phazi limatsogola singano n'kutsalira, ndipo wophunzira kumene amatukwana phazi lake pamene mlandu uli kwina. Anayesa kakhumi, kuopa kunamizira chinthu chosalakwa. Kenaka anakaima pakhomo la kuchipinda.

"Bambo, galimoto yanu ija ili ndi lamba womasuka."

"Tivi ilibe lamba, mayi. Sokani zosoka zanuzo."

Atelala sanatsutse. M'mawa mwake anatsegula chitini cha mabatani, pansi pake pamene ankasungapo ndalama zogulira mota ya makina, poti maondo anali atayamba kukana kupalasa. Anakulunga kabokosi ka magemu ndi padi m'chidutswa cha nsalu, anatenganso rimoti ya tivi yaikulu ija, n'kunyamuka.

Sitolo ya zamagetsi inali ndi khoma lonse la mativi, onse akuonetsa nsomba zomwezomwezo zikusambira m'madzi obiriwira. Wogulitsa, bambo wa tayi yopyapyala ndi nsapato zosongoka, anawathamangira akupukuta m'manja.

"Takulandirani, amayi. Mukufuna ya mainchesi angati?"

"Ndikufuna yomva msanga."

"Zonsezi zimamva. Rimoti mukangoti tho, yayaka. Taonani iyi, tatsitsa mtengo sabata ino. Nsombazo ngati muzigwire, eti?"

"Nsomba sindinabwerere." Anamasula nsalu ija pakauntala. "Mulumikize ichi. Ndiyese imodziimodzi."

Wogulitsa anayang'ana kabokosiko, n'kuyang'ana tsitsi laimvi limene linkatulukira kumphepete kwa mpango wa Atelala, ndipo anaseka.

"Agogo amagemu! Zidzukulu zakutumani? Pepanitu, kuno sitilola kulumikiza katundu wa makasitomala. Lamulo."

"Nsapato mwavalazo munagula osayesa?"

"Nsapato ndi zina."

"Zikuonekadi kuti simunayese. Zikukulumani, mukuyenda ngati mwaponda moto. Ine munthu sindimulipiritsa diresi asanalowemo. Abwana anu alipo?"

"Atanganidwa."

"Ndidikira."

Anakoka katoni yopanda kanthu, anakhalapo pakati penipeni pa sitolo, natulutsa m'chikwama siketi ya kasitomala ndi singano yamanja, n'kuyamba kusoka. Anthu olowa ankachita kuwalambalala. Wogulitsa anapita, anabwera, anakonza tayi, anapempha, anaopseza za alonda. Atelala anangomupempha kuti asunthe pang'ono, akutchinga kuwala.

Siketi ili pafupi kutha, chitseko cha kuseri chinatseguka, ndipo munatuluka mwini sitolo, bambo wachikulire wa magalasi awiri, ena pamphuno ena pamphumi. Iye ndiye ankakonza mativi owonongeka kuseriko, ndipo zala zake zinali ndi zipsera za chowotcherera mawaya.

"Kodi mwatsegula telala m'sitolo mwanga, mayi?"

Atelala anafotokoza zonse mwadongosolo: dzanja, mafizo, galimoto yokhota mochedwa, ndi lamba. Mwini sitolo sanaseke. Anatsitsa magalasi a pamphumi aja.

"Lamba mulibemo, koma simunaname. Mativi ambiriwa chithunzi chikafika sachionetsa pomwepo. Amayamba achisambitsa, achidzola mafuta, achipesa, kuti chikongole. Poonera filimu simungadziwe. Koma pa gemu, chala chapita kale, chithunzi chikadali kubafa. Ena ali ndi pozimitsira zodzoladzolazo. Yanuyo ndi iti?"

Anamupatsa rimoti ija. Mwini sitoloyo anaitembenuza, n'kupukusa mutu.

"Iyi ndimaidziwa. Kukula kokha. Pozimitsira palibe, mungafufuze mpaka mawa. Chikomekome cha mkuyu." Anatembenukira kwa wogulitsa. "Tenga waya, uwalumikizire."

"Koma bwana, lamulo lija..."

"Analemba ndani lamulolo? Si ine? Tenga waya."

Anayesa mativi asanu. Atelala sankayang'ana mitundu kapena kuwala. Ankakankha kandodo, maso ali pa matayala akutsogolo a galimoto yofiira, milomo ili yofinya ngati akulowetsa ulusi pasingano. Yotsitsidwa mtengo ija inali yochedwa kuposa ya kunyumba. Ina inamva pomwepo, mwini sitolo atasintha za m'kati ndi rimoti, koma atamva mtengo wake anangoti, "Imeneyo ikhale ndi eni ake." Panali ina yapakati, yooneka bwino, imene ikanawasiyira theka la ndalama za mota. Anaiyesa kawiri, akuifunira zabwino. Inkachedwa pang'ono, pang'ono zedi. Anaima nthawi yaitali patsogolo pake, bondo lakumanja likuwakumbutsa za kupalasa makina.

"Imeneyi ndiye yanu, amayi," anatero wogulitsa. "Kachedwedwe kameneko ngakhale ine sindikukaona."

"Inu dzanja lanu ndi lamoyo. Mukachedwa mumadziwa kuti si inu." Anatembenuka. "Palibenso ina?"

Mwini sitolo anakanda chibwano, analowa kuseri, n'kutuluka atanyamula kativi m'khwapa ngati thireyi. Kanali kogwiritsidwapo kale ntchito, kokalika pakona, mwendo umodzi womata ndi guluu.

"Aka n'kakale, koma n'kamtundu wabwino. Ndinakasintha za magetsi mwezi watha. Mawu ake ngofooka, ngati munthu wolankhulira m'botolo. Ndipo musayembekezere mtengo wa zotola, zida ndinaikamo n'zatsopano."

"Kameneko n'ka m'khitchini," anatero wogulitsa. "Alendo akabwera mudzati tivi ili kuti?"

Atelala anakankha kandodo. Galimoto inakhota chala chisanamalize n'komwe. Anakankhanso. Ankamva ngati matayalawo amangiriridwa ku chala chawo ndi ulusi wokoka bwino. Anafunsa mtengo, ananenerera mpaka mwini sitolo anaonjezapo waya waulere ndi lonjezo la miyezi itatu, koma mota ija inathera pomwepo. Sanaione ngati nkhani yodandaula pagulu. Anamanga kativiko m'nsalu, n'kukana kuti wogulitsa awanyamulire.

Atafika kunyumba masana, anapeza galimoto ya mwana wawo ili panja. Wachisambayo anali pabalaza ndi bambo ake, akufunafuna rimoti pansi pa mipando. Anaona mayi ake akuika mpando wopanda chotsamira kutsogolo kwa tivi yaikulu ija, n'kukhazikapo kativi kokalika.

"Amayi, n'chiyani chimenechi?"

"Tivi ya bambo ako."

"Tivi ya bambo ndi iyo. Ndinagula ine. Mukudziwa mmene ndinavutikira kuti ndiipeze?"

"Ndikudziwa, mwanangu, ndipo Mulungu akudalitse. Mpira tizionera pomwepo. Koma poyendetsa galimoto imanama."

"Imanama bwanji tivi yatsopano? Akupusitsani kusitoloko. Akuonani kuti ndinu mayi wachikulire, akugulitsani zinyalala. Anthu akalowa muno aziti chiyani? Aziti mwana wawo analephera, makolo akutola za kudzala."

"Anthuwo dzanja lawo likudwala?"

"Bwanji osandifunsa kaye?"

"Ukanandilola?"

Atelala anagwada movutikira, bondo likulira, nalumikiza mawaya monga anaonera kusitolo. Kenaka anatenga padi n'kuwapatsa amuna awo.

A Mabuleki sanailandire. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana kativi kaja, kenaka dzanja lawo lili pamwendo. Atalankhula, mawu anali apansipansi, ofuna kuti amve akazi awo okha.

"Mwawononga za mota, eti?"

"Zinali zanga."

"Nanga ndikagundanso pamenepa, mayi? Tidzanamizira chiyani?"

Apa Atelala anazindikira kuti amuna awo sankaopa kukhumudwitsa mwana ayi. Ankaopa kuti chowiringula chomaliza chichoka.

"Mukagunda, tidziwa kuti mwagunda ndinu. Panopa sitikudziwa. Mwaweruza dzanja lanu pa umboni wa mboni yabodza. Gwirani."

Anatenga dzanja lolemera lija, anatambasula zala chimodzichimodzi, n'kuzikhazika pa padi.

Galimoto yofiira inanyamuka, injini ikulira ngati udzudzu m'kativi muja. Pokhota poyamba panafika. Chala chachikulu cha dzanja lodwala lija chinakankha, ndipo galimoto inadutsa khoma lija mosakhudza. Pokhota pachiwiri inadutsa matayala awiri ali paudzu, koma inadutsa. Msewu unawongoka, a Mabuleki anawerama, phewa likutsatira msewu monga ankachitira pa basi. Pokhota pachitatu panali pakuthwa, pofuna buleki ndi chala cholozera cha dzanja lomwelo. Galimoto inapitirira, inakamenya matayala otchinga m'mbali, n'kutembenuzika.

"Mwaonatu," anayamba mwanayo. "Ndimanena ine kuti vuto si..."

"Khala chete, iwe."

A Mabuleki sanakweze mawu, koma anali mawu aja ankaletsera phokoso m'basi yodzaza. Anakweza dzanja lamanja pafupi ndi nkhope, akuyang'ana chala cholozera ngati kondakitala amene wamugwira akuba chenji.

"Apa ndachedwa ndine. Ndachimva. Ndachiuza kuti ponda, chayamba chafunsa kuti ndani. Koma poyamba paja ndi pachiwiri, chachikuluchi chinamvera." Anatembenukira kwa akazi awo, maso ali ofiira. "Miyezi iwiri ndakhala ndikutukwana chala chosalakwa."

"Ndiye mutani nacho cholakwacho?" anafunsa Atelala.

"Ndithana nacho. Ndikamuuza mtsikana wa mafizo uja kuti asiye zina zonse, tilimbane ndi ichi. Chinthu chili pathupi panga sichingandiuze zochita." Anayang'ana mwana wawo. "Iwe, tivi yako ndi yabwino, usatupe. Koma suntha, ukunditchingira msewu. Kapena khala apa, uwerenge ndigunda kangati."

Mwanayo anaima kanthawi, makiyi a galimoto ali m'manja. Kenaka anawaika m'thumba, anakoka mpando, n'kukhala pambali pa bambo ake, maondo atatsala pang'ono kugunda kativi kaja.

"Kamodzi," anatero monyinyirika.

"Lemba. Pofika madzulo uona."

Atelala anadzuka pansi paja atagwira m'mphepete mwa tebulo, nabwerera ku makina awo. Kumbuyo kwawo injini inaliranso, kenaka kunamveka kugunda.

"Kawiri."

"Ndaona, sindine wakhungu. Bwezeretsa poyambira."