Nkhope ya Anangozo pa Kanema Wamkulu

Bambo Chikafa analota masana, dzuwa likuswa mtengo, ali chikhalire pampando wa pabalaza, nsapato zili kuphazi.

Iwowa anali telala wa pamsika wa Balaka. Akazi awo, Anangozo, anali atamwalira miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo, ndipo m'nyumbamo anatsalamo okha. Sabata imeneyo mwana wawo wamkazi Sigele, amene ankagwira ntchito ku Joni, anawatumizira wailesi yakanema yaikulu ngati kabati ya zovala, ya mtundu uja wokhala ndi babu ndi kalilole m'mimba mwake zoponyera chithunzi pagalasi. Kuti ilowe m'nyumba, anachita kuzula chitseko. M'katoni mwake munalinso kafulashi ka kanema wa ukwati wa Sigele, momwe Anangozo amaoneka akuvina, atavala chilundu chobiriwira chimene anawasokera amuna awo omwewo.

Kanemayo bambo Chikafa anali atamuonerapo pafoni, pomwe Anangozo ankachepa ngati chala. Chimene ankafuna n'kuwaona mumsinkhu wawo weniweni. Koma atayatsa wailesiyo, chithunzi chinatuluka chotuwa ngati chitenje chokhalitsa pachingwe. Nkhope za anthu zinali mbuu, ngati wina wazithira ufa. Akapendekera pang'ono kumbali, zonse zinkada. Anatseka makatani, anadina mabatani onse a limoti, anasendeza mpando kutsogolo, anaubwezanso m'mbuyo. Kenako anaika limoti pamwendo n'kungokhala. Sanakwiye. Chichitikire maliro aja, zinthu zinkangowadutsa.

Ndiye wailesiyo inatsokomola.

"Zikomo bambo," inatero, ndi mawu aulemu ngati a kalaliki wa paofesi. "Ndaona kuti simunakhutire nane."

"Mukuonetsa zotuwa," anayankha bambo Chikafa. Anailankhula mwaulemu poti inali mlendo pakhomopo.

"Ine ndimaonetsa zimene zandifika. Ngati muli ndi dandaulo, mukalipereke mkati. Khomo lili kumbuyo kwangaku."

Anadzuka n'kuzungulira. Khomolo linalipodi, la thabwa lopyapyala, lotsekedwa ndi msomali wopinda ngati la kushopu kwawo. Anapotoza msomaliwo, anawerama, n'kulowa. Tepi yoyezera inali m'khosi mwawo, ngakhale dzulo lake anaisiya kumsika.

Mkatimo munali kanjira kakatali konunkha simbi yamakala. Anayenda mpaka maondo kuyamba kuphwanya, ndipo kanjirako kanakathera m'holo ya ukwati ija. Holoyo inalibe simenti pansi. Mtsinje wa Rivirivi unkalowera pakhomo lalikulu n'kukatulukira kuseri kwa tebulo la akwati, ndipo mabenchi anaima m'madzi olekeza m'maondo. Anthu ankavina, koma kunalibe nyimbo. Kunkamveka madzi okha.

Apo ndi pomwe anaona kumene mitundu inkapita. Aliyense akaponda, zovala zake zinkasuluka. Kufiira kunkatsika m'diresi n'kutengedwa ndi madzi, chikasu chimodzimodzi, moti kumunsi mtsinje wonse unali mizeremizere ngati nsalu za m'sitolo. Palibe amene ankalabadira.

Ovinawo analibe nkhope. Pamalo pa nkhope panali potuwa, posalala ngati kunsi kwa mbale. Komabe bambo Chikafa sanavutike kuwazindikira. Uyo anali mlamu wawo, poti jekete yake anachita kuifupikitsa manja. Uyo anali mkulu wa mpingo, wa thalauza la thumba limodzi. Ankawapatsa moni mmodzimmodzi, ovinawo n'kumagwedeza mitu.

Anangozo sankavina. Anakhala pamwala pakati pa holo, mapazi ali m'madzi. Chilundu chawo chinali chisanasuluke chonse. Kubiriwira kunatsalira m'mapewa mokha.

"Mwalowa m'madzi ndi nsapato, bambo a Sigele," anatero.

"Sindinadziwe kuti muli madzi muno."

"Vulani. Muziike pabenchipo."

Bambo Chikafa anavula n'kuziika pabenchi moyandikana. Kenako anatapa ndi manja madzi obiriwira amene ankachoka pamwalapo n'kuwathira pachilundu chija kuti mtundu ubwerere. Atangokhudza nsalu, madziwo anayera. Anayesa katatu, n'kusiya.

"Ndabwera ndi dandaulo," anatero.

"Nenani."

"Simukuoneka bwino. Mwanayu wavutika kutumiza chinthu chachikulu chonchi, koma inu simukuoneka."

"Ndili pompano," anatero Anangozo. "Senderani pafupi."

Anasendera mpaka maondo kugunda mwala. Duku analiona bwinobwino, ndi mfundo yake yomwe. Makutu anawaona, ndi timabowo ta ndolo. Koma pakati pa duku ndi chibwano panali potuwa ngati pa enawo.

"Mwabwera ndi tepi. Ndiyezeni."

Anangozo anaimirira pamwalapo n'kutambasula manja monga ankachitira kushopu Khirisimasi ikayandikira. Amuna awo anayeza mapewa, chifuwa, chiuno, ndi utali wochokera m'chiuno kufika m'kakolo. Manambala ankawatchula tepi isanafike, ndipo sanaphonye ngakhale imodzi. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi za banja lawo, miyeso imeneyi sanailembepo paliponse.

"Kwatsala pankhope," anatero Anangozo.

Bambo Chikafa anakweza tepi. Itangofika pachibwano, manambala onse anayoyoka ngati mpunga n'kupita ndi madzi.

"Pankhope sitiyeza," anatero.

"Nanga munkatani napo zaka zonsezi?"

Funsolo silinali lofuna mkangano, ndipo bambo Chikafa analiganizira modekha ngati munthu wokumbukira pomwe waika sizasi. Anakumbukira mapewa a akazi awo, iwo ali ndi mapini kukamwa. Anakumbukira manja akuwathirira madzi asanadye. Anakumbukira msana wawo m'tchalitchi, kumbali ya amayi. Anakumbukiranso wodi ya kuchipatala, masabata atatu aja, iwo ali pampando wa pambali pa bedi.

"Kuchipatala kuja ndinkayang'ana dilipi," anatero. "Ndinkaopa kuti itha anamwino asanabwere."

"Ndikudziwa. Ine ndinkayang'ana inu."

Madzi anakwera pang'ono n'kufika m'ntchafu. Ovina anapitiriza kuvina.

"Ndinali ndi chipsera patsaya," anatero Anangozo. "Mukanena mbali yake, nkhope ibwera."

Chipseracho bambo Chikafa ankachidziwa. Anali mafuta a mandasi, chaka chimene Sigele ankayamba kukwawa. Anawatengera kuchipatala panjinga yobwereka, mvula ikuwaza, ndipo pobwerera tcheni chinaduka pamlatho, mpaka anafika kunyumba wapansi. Zonsezo anazifotokoza mwandondomeko, osasiya kanthu.

"Zimenezo n'zoona," anatero Anangozo. "Mbali iti?"

Bambo Chikafa anakweza dzanja lamanja. Analitsitsa. Anakweza lamanzere.

"Musachite kulota, bambo a Sigele. Nenani chimene mukudziwa."

Dzanja linakhala m'mwamba kanthawi, kenako linatsika lokha.

"Sindikudziwa."

Anayembekezera kuti mumtima mumveka kanthu, kaya manyazi kaya chisoni. Munangoti zii.

Pamenepo wailesi inalankhulanso, mawu ake akuchokera kudenga. "Pepani bambo, mwaima patsogolo pa babu."

Anacheuka. Kumbuyo kwawo, pomwe poyamba panali khomo la holo, panali babu lalikulu ngati mtsuko, lowala moti sanathe kuliyang'anitsitsa. Mthunzi wawo unayambira pamapazi, kuyenda pamwamba pa madzi, kukwera mwala, n'kukagona pankhope ya Anangozo. Anasunthira kumanja. Mthunzi wa thupi unasuntha nawo, koma wa mutu unatsalira pomwepo. Anagwada m'madzi. Unatsalabe.

"Ndiye nditani?" anafunsa.

"Mudutse, mukaime kuseri kwa babu," inatero wailesi. "Kumeneko kulibe mthunzi, ndipo chithunzi chake palibe amene anadandaula nacho. Koma ndikuyenera kukudziwitsani kuti njira yake ndi yopitira chabe. Yobwerera kulibe."

Pamadzi panaoneka mzere wa choko, wowongoka, wonga umene iwo ankajambula pansalu asanadule. Madzi ankadutsa pansi pake koma sunafufutike. Tsidya la mzerewo, kuseri kwa babu, kunali mchenga wouma ndi mpando umodzi wopanda munthu.

Bambo Chikafa sanachite mantha. Anaganiza za nyumba yawo, za kapu imodzi patebulo, za mashini osokera amene ankawapalasa tsiku lonse osamva n'kulira kwake komwe. Panalibe chowakoka. Anapinda tepi bwinobwino, anaiika m'thumba la malaya, n'kukweza phazi.

"Wakuitanani ndani?" anafunsa Anangozo.

Phazi linaima m'mwamba.

"Palibe."

"Ndiye libwezeni phazilo. Kumeneko sindinakukonzereni malo."

"Nanga mpando uwo?"

"Ndi wanga. Ndimakhalapo ndikatopa."

Bambo Chikafa anabweza phazi m'madzi.

"Mwana akumaimba foni, inu n'kumangoiyang'ana mpaka isiye," anatero Anangozo. "Akuganiza kuti munamukwiyira poti sanabwere kumaliro."

"Sindinamukwiyire. Mapepala ake anali asanatuluke, ndikudziwa. Kungoti ndilibe chomuuza."

"Ikalira muyankhe. Chonena mukachipeza konko. Pitani, madzi akukwera."

Anatembenuka kuti aone njira, koma mabenchi anali atapita, ndi ovina omwe, ndi holo yomwe. Atacheukanso, mwala unali utamira. Kutali, kumunsi kwa mtsinje, china chake chinkalira pansi pa madzi, n'kusiya, n'kuyambanso.

Anadzidzimuka ali pampando. Kanema anali atatha kalekale, galasi lonse lili buluu. Foni inkanjenjemera patebulo, dzina la Sigele likuwala. Anaiyang'ana kanthawi, kenako anaitola.

"Ababa?" Mawu a Sigele anali a munthu amene sanayembekezere kuyankhidwa. "Ababa, muli bwanji? Yafika? Ikuoneka bwanji?"

"Yafika, mama. Ndi yaikulu."

"Koma chithunzi chake? Amayi mwawaona?"

Bambo Chikafa anayang'ana galasi la buluu lija.

"Sigele, chipsera cha mayi ako chinali mbali iti?"

"Kumanzere," anayankha msangamsanga. "Ayi, dikirani. Ndikamawayang'ana chinkakhala kumanzere kwa ine, ndiye kuti... Dikirani, ababa."

Bambo Chikafa ankamva magalimoto a ku Joni akudutsa kumbuyo kwake, ndi kupuma kwake kukusintha. Anadziwa kuti mwanayo wagwira tsaya lake, kenako linalo.

"Ababa, sindikukumbukira," anatero Sigele. "Ndidule kaye, ndikayang'ane pazithunzi."

"Usadule," anatero bambo Chikafa. "Zithunzizo zisiye. Tiganize tonse."