Maenje Amene Anamanga Mzinda

Mudzi wina unali kumapeto kwa mzinda, pamene phula limathera. Kuseri kwa nyumba kunali maenje akuluakulu akalekale, ndipo anthu a m'tauni akamadutsa ankaseka kuti kumeneko kumakhala mbewa.

Telala wina wa m'mudzimo chitonzochi chinkamuwawa. Tsiku lina mlamu wake, dalaivala wa lole ya zinyalala, anamupeza ali pa makina.

"Alamu, bwanji ndizidzataya zinyalala m'maenjemu? Chaka chisanathe akhala atakwiririka, manyazi n'kutha."

Telala anakopa anzake, onse anavomera. Koma mvula itagwa, fungo linalowa mpaka kuchipinda, ntchentche n'kumatera pa mbale za ana. Ambiri anatsekula m'mimba, ndipo mwana wamkazi wa telala anagonekedwa m'chipatala ali lefu.

Namwino amene ankamusamalira, mayi wa imvi, atamva kumene amachokera anagwira khoma la wodi.

"Bambo, inenso ndinabadwira komweko. Njerwa za khoma ili anaumba ndi makolo athu, za msika waukulu chimodzimodzi. Maenje aja ndi mmene ankakumba dothi. Lero mwawasandutsa nkhokwe ya matenda?"

Mwana atachira, telala anayenda khomo ndi khomo kufotokoza zimene anamva. Lole itabweranso, inapeza mudzi wonse utaima pamsewu.

"Ndiye ndipite nazo kuti, alamu?" anafunsa dalaivala.

"Kumtaya kumene anakutumani. Chibale si dzala," anayankha telala.

Alangizi a zaumoyo anawathandiza kuchotsa zinyalalazo. Kenako anathiramo dothi labwino, nabzala nthochi ndi ndiwo zamasamba. Maenje ankasunga chinyezi, moti chilimwe chitafika mudzi unali biriwiri, amayi a m'tauni akubwera okha ndi mabasiketi. Matenda aja sanabwerenso.

Aphunzitsi atamva nkhaniyi anatenga ana a sukulu, pamodzi ndi nkhalamba ina imene inkaumba nawo njerwa, kupita kumsika waukulu. Mkuluyo anayenda pang'onopang'ono akusisita khoma, mpaka anaima pa njerwa ina yokhala ndi chidindo cha chala chopindika. Analowetsamo chala chake, chinakwana ndendende.

"Ichi n'changa," anatero akuseka. "Ndinachithyola ndili mnyamata."

Ana anakanganirana kugwira njerwayo.

Phunziro: Funsani mbiri ya malo anu musanachite nawo manyazi, ndipo musalole zinyalala kutayidwa pamene anthu amakhala.