Sopo Woterera Ngati Therere

Mayi Jessie anavundukulanso mphika wawo. Sopo amene ankaphika kuyambira m'mawa anali mibulu yokhayokha, wouma m'mphepete, ndipo akamutapa ndi mthiko ankangoyoyoka ngati chigumu chogonera. Anasonkhezera moto poganiza kuti mwina asungunuka, koma m'pamene ananyanyira kuuma.

Akanakhala sopo wochapira zovala zawo sakanadandaula. Koma uyu anali wa mdzukulu. Mwana wawo yekhayo, Bertha, anakwatiwa ku Liuli ndi mnyamata wina dzina lake Onesmo, ndipo masiku ake ochira anali atakwana. Kwawo kwa Mayi Jessie, ku Malawi kumene anachoka kalekale kudzakhala kutsidya kwa nyanja ku Mbamba Bay, mwana woyamba amasambitsidwa ndi agogo ake akuchikazi. Iwo anali atalonjeza pamaso pa asewere awo, Mayi Josephina, amake a Onesmo, kuti mdzukuluyo sadzasamba sopo wa m'sitolo, adzasamba wopangidwa ndi manja a agogo ake. Tsono Mayi Josephina anali munthu woti ukamupatsa mbale amaitembenuza kaye kuti aone kunsi. Nanga mibulu imeneyi akanaifikitsa bwanji pakhomo potero?

Kunena zoona, Mayi Jessie ntchitoyi anaiphunzira ndi maso okha. Anaonerera amayi a kutchalitchi akusakaniza mafuta a mawese, ofiira aja a kanjedza, ndi mankhwala opangira sopo otchedwa kositiki, basi n'kudziyesa katswiri. Kositikiyo ankamuyeza ndi kapu ya tiyi.

Ali chigwirire tsaya, anatulukira Mayi Oliva, a nyumba yoyandikana nayo, amene chibadwire sanasowepo yankho pa nkhani iliyonse.

"Hodi, Mama Bertha! Mwatani kodi, nkhope yagwa chonchi?"

"Taonani nokha, anzanga. Ndipita nazo kuti zimenezi?"

Mayi Oliva anasuzumira mumphika n'kuseka. "Zimenezi n'zodandaula nazo? Inu Amalawi si ndinu munatiphunzitsa kuphika therere? Likauma mumatani?"

"Timawonjezera soda."

"Basi! Kositikiyu naye ndi soda, kungoti wamkulu. Wazani pang'ono, muona mmene aterere."

Mtima wina unawakaniza Mayi Jessie, koma nkhope ya asewere awo inawabwerera m'maso. Anatapa kositiki wouma, kumuwaza pamwamba, kuthira timadzi n'kutakasa mwamphamvu. Atamuthira m'kabokosi sopoyo, anamukhudza ndi chala chonyowa. Anali woterera zedi, ngakhale chalacho chinayabwa pang'ono.

"Ndiye mphamvu yakeyo," anatero Mayi Oliva akubwerera kwawo monyadira.

M'mawa mwake anadula sopo uja n'kukulunga zidutswa zooneka bwino m'nyuzipepala. Asanamalize, Onesmo anafika pa njinga yamoto ali wefuwefu.

"Mayi, matenda ayamba. Ndadzangotenga katundu, Bertha ali kale kuchipatala ndi mayi anga."

Njingayo inadzaza ndi beseni, ufa ndi bulangete, ndiye anagwirizana kuti Mayi Jessie atsatira akamaliza kuchapa zitenje zofunditsa mwana. Sopo uja anamuika m'beseni ndi manja awo, akumwetulira.

Anakhala pansi kuchapa ndi zotsalira za sopo yemweyo. Poyamba manja ankangoterera, iwo n'kumakondwa. Kenaka kunayamba kuyabwa pakati pa zala. Analimbikira ndithu, poti zitenje zinali zambiri, mpaka zikhatho zinayamba kutentha ngati agwira khala. Atazitulutsa m'madzi zinali zofiira psuu, khungu likusupuka m'malo ena. Anathyola kachidutswa kamodzi ndi mpeni, ndipo m'kati munali timiyala toyera ta kositiki tosasungunuka.

Nthawi yomweyo foni inalira. Anaigwira ndi nsonga za zala.

"Mayi, wachira! Mwana wamkazi!" Onesmo ankakuwa ndi chimwemwe. "Mayi anga akuti poti inu mwachedwa, ayamba iwo kumusambitsa. Madzi ali pamoto, sopo wanu amulandira..."

"Onesmo, sopoyo ayi! Onesmo!"

Foni inali itaduka kale. Anaimbanso, osapezeka. Anaimba ya Bertha, yozima. Mantha amene anawagwira sanawamvepo chibadwire. Ngati zikhatho zawo, zozolowera khasu ndi nkhuni, zasupuka chonchi, nanga khungu la khanda lobadwa lero?

Anangoviika manja m'ndowa, kusiya zochapa zili mbwee, n'kuthamangira kumsewu chitenje chili m'khosi. Wa bodaboda, njinga yamoto ya hayala imene anakwera, anawauza kuti agwire zolimba, koma analibe chogwirira. Anamukumbatira ndi mikono, zikhatho zili m'mwamba. Njira ya ku Liuli anaidziwa bwino, koma tsiku limenelo inatalika. Pa chitunda chilichonse ankangoti, "Fulumira, mwanangu," ndipo pakati pake ankapemphera mawu osamveka.

Atalowa m'chipinda cha amayi ochira, choyamba kuona linali beseni lija. Sopo anali pamwamba, nyuzipepala itamasulidwa. Pambali pake panakhala Mayi Josephina, nkhope ili gwa.

"Mwamusambitsa?" Moni sanapereke n'komwe.

"Tisambitse bwanji, anesi atikaniza," anayankha Mayi Josephina monyinyirika. "Akuti mwana sasamba tsiku lobadwa, angazizidwe. Madzi anga azizira chabe."

Mayi Jessie anangokhala pansi pa simenti n'kuyamba kulira. Namwino amene anali pamenepo, Mayi Leokadia, anathamangira kudzawadzutsa, koma ataona manjawo anaima.

"Pole, Bibi, pepani agogo. Mwagwira chiyani?"

Anafotokoza zonse, za mibulu, za therere, osabisa kanthu. Namwinoyo anawatengera pampopi n'kuwauza kuti asachotse manja m'madzi oyenda mpaka iye atanena. Anatenga sopo uja ndi magolovesi n'kukamuika kutali. Zinapezeka kuti nayenso amapanga sopo ndi gulu la amayi a kwawo ku Lipingo, ndipo madzi akuyenda choncho anayamba kuwalangiza.

"Bibi, soda wa therere ndi kositiki si pachibale. Kuterera kumene munamva sikunali kusalala kwa sopo, linali khungu lanu likudyeka. Kositiki amayezedwa pa sikelo, amasungunulidwa m'madzi poyambirira, ndipo sawonjezeredwanso ngakhale pang'ono."

"Nanga mibulu ija ndikanaitani?"

"Mibulu imabwera sopo akauma. Mwina madzi anachepa, mwina moto unakula, mwinanso munamuphika mopitirira. Moto uzikhala wa makala ochepa, mphika wovundikira, osamangovundukula. Akayamba kuwala ngati mafuta odzola a m'botolo, wapsa, muphuleni. Zouma za m'mphepete musazikokotere m'kati. Akapola pang'ono thiranimo supuni ya chambiko kapena timadzi tofunda ta shuga, afewa. Mukatero m'thireni m'bokosi akadali wotentha, n'kumenyetsa bokosilo pansi kuti akhazikike. Ndipo musamagwire ntchitoyi chimanjamanja."

"Zonsezi ndikanangofunsa," anatero Mayi Jessie motsitsa mawu.

"Amayi a kutchalitchi kwanu akanakuuzani. Komanso khanda masiku oyamba silifuna sopo, madzi ofunda okha akwanira."

Namwinoyo anawapaka mankhwala n'kumanga manja onse awiri mpaka m'zala, n'kuwauza kuti asakhudze madzi kufikira zilonda zitapola.

Tsiku lotsatira mwana anasamba. Anamusambitsa Mayi Josephina, ndi madzi okha, Mayi Jessie akuonerera pampando manja ali pamiyendo. Zinawawawa kwambiri, kuposa zilonda zija. Mwambo umene anauyembekezera chikwatiwire Bertha unawadutsa akuona.

Atamupukuta, Mayi Josephina anabwera naye n'kumugoneka pa mikono yawo mosamala, dzanja lawo lili kunsi kuchirikiza kamutu.

"Sewere," anatero chapansipansi, "sopo wa mibuluyo ndikanamulandira ndithu. Ndikanaseka pang'ono, basi."

Zala za Mayi Jessie zinali m'mabandeji, sizikanatha kumva khungu la mdzukulu wawo. Anawerama n'kumukhudza pachipumi ndi tsaya. Khungu la mwanayo linali losalala, lopanda ndi kachipsera komwe.

Phunziro: Kositiki ndi mankhwala oopsa, sayezedwa ndi maso ndipo sawonjezeredwa mu sopo wophika kale. Sopo amasalala ndi madzi okwanira, moto wochepa ndi kuphula pa nthawi yake. Ntchito ikakukanikani, funsani amene anaiphunzira, chifukwa manyazi a sopo wosaoneka bwino ndi ochepa poyerekeza ndi khungu la mwana.