Mphepo ya pa Msewu wa ku Azrou

Nkhwangwa inamutema Bassou pachikhatho m'mawa, akuwaza nkhuni kuseri kwa khola la nkhosa. Mkazi wake Itto anamumanga ndi mpango wakumutu, koma magazi anangoboola nsaluyo n'kumadontha pa chipale chofewa cha pabwalo.

Achimwene ake a Bassou anali atapita kumsika ku Timahdite, ndipo mwa otsala m'mudzimo wodziwa chiwongolero anali Itto yekha. Nayenso anaphunzira nthawi yotentha, msewu uli wouma, ndipo chiyambire kuzizira galimoto yawo anali asanaikhudze. Apongozi ake aakazi anati bola kudikira kusiyana n'kuuyamba ulendo wa kuchipatala ku Azrou, koma ataona nkhope ya mwana wawo ikutuwa anakatenga okha bulangete lofiira n'kumufunditsa.

Chipale chinali chitasiya kugwa. Chovuta chinali mphepo, yomwe inkachikokolola m'mapiri n'kumachiunjika pamsewu. Pena phula linkaoneka, pena panali mulu wofika m'mawondo. Itto ankayendetsa atawerama, maso ali pa timitengo ta zizindikiro ta m'mbali mwa msewu.

"Pang'onopang'ono, mayi a Hadda," anatero Bassou, dzanja atalikweza pachifuwa. "Mabuleki asiyeni, musawaponde."

Pokhota pena potsetsereka, chiwongolero chinapepuka m'manja mwake ndipo kumbuyo kwa galimoto kunayamba kulowera kwina. Phazi la Itto linathamangira lokha pa mabuleki. Galimoto inazungulira mwakachetechete, iye n'kuona phiri lomwe anachokera likubwera kutsogolo kwake, kenako kumbuyo kunamira mu mulu wa chipale umene unadzaza ngalande.

Anayesa giya iyi ndi iyo, matayala n'kumangozungulira pamodzimodzi. Foni sinkagwira. Bassou anati asazimitse injini kuti azimva kutentha, chifukwa chigalimoto chokankha chipale sichilephera kudutsa msewu umenewo. Anatseka mawindo onse n'kumadikira. Mphepo inkamenya mbali ya Itto, ndipo iye ankaona chipale chikukwera pang'onopang'ono mpaka kuphimba theka la windo.

Patapita nthawi mutu unayamba kumuwawa Itto, nseru n'kumugwira. Bassou anali atasiya kubuula, mutu wapendekeka. Itto anaganiza kuti ndi magazi amene atha m'thupi. Anamugwedeza, n'kumufunsa za nkhosa yawo ina imene inkadwala kuti angoyankhula basi.

"Ndisiyeni ndigone pang'ono," anatero Bassou, lilime likulemera. "Dzanja lasiya kuwawa."

Mawu amenewo anamuopsa kuposa magazi. Anafuna kutuluka kuti akaone ngati kukubwera munthu, koma chitseko chake chinakana. Anadumpha miyendo ya mwamuna wake n'kutulukira mbali inayo. Mpweya wozizira utangomumenya anasanza, ndipo m'mutu munayera. Atazungulira kumbuyo anapeza galimoto yakwiririka mpaka pa magetsi, chipale cha pamenepo chitada ndi mwaye. Paipi yotulutsa utsi inali itatsekeka. Utsi wonsewo unkabwerera mkati momwe anakhala.

Anathamanga, n'kuzimitsa injini, n'kumukokera Bassou pachitseko mutu uli kunja. Anamutikita chipale kumaso akumuitana dzina lake lenileni, chinthu chimene sankachita ngakhale ali awiri. Bassou anatsokomola, n'kutsegula maso, n'kufunsa kuti afika kodi.

Koma injini itazima, kuzizira kunalowa msanga, ndipo Bassou anayamba kunjenjemera mano kuchita kugundana. Fosholo inali itatsala kunyumba. Itto anatenga mphira wopondapo mapazi n'kuyamba kukumba nawo, ndipo pamene mphirawo unkapindika ankakumba ndi manja. Paipi itaonekera analiza injini, windo atalitsegula pang'ono. Posakhalitsa mphepo inali itadzazanso dzenje lija. Anazimitsa, n'kutuluka, n'kukumbanso. Anachita zimenezo mobwerezabwereza mpaka zala zinasiya kumva kanthu, ndipo nthawi iliyonse akalowa ankayamba wayang'ana ngati chifuwa cha mwamuna wake chikuyendabe.

Kenako anakumbukira kuti galimoto yawo ndi yoyera, ndipo chigalimoto chija chikhoza kudutsa osawaona, kapena kuwakwirira kumene. Anamuvula Bassou bulangete, n'kumufunditsa chikhoti chake, n'kukamanga bulangetelo pa kamtengo ka m'mbali mwa msewu.

Chigalimotocho chinafika dzuwa litapendeka. Woyendetsa wake, bambo wa ndevu zoyera, anayang'ana dzanja la Bassou, n'kumangirira tcheni n'kuwasolola m'ngalandemo. Mkati mwa chigalimoto chake munalibe malo a munthu wovulala.

"Muzibwera pambuyo panga, mlongo wanga," anatero. "Pondani momwe ndaponda ine. Mukaona ikutereranso, chotsani phazi paliponse."

Itto anakhalanso pa chiwongolero, ndipo anatsetsereka phiri lonselo akupemphera chamumtima, maso ali pa nyali ya chigalimotocho.

Kuchipatala ku Azrou anamusoka Bassou, n'kunena kuti zala ziwiri mwina sizidzapindikanso. Namwino wina ataona manja a Itto anabweretsa beseni la madzi ofunda n'kuwaviikamo. Magazi atayamba kubwerera, zalazo zinawawa ngati zawotchedwa, ndipo Itto anakhala pabenchipo akulira, namwinoyo atamugwira mikono kuti asatulutse manja m'madzimo.